Kusankha mneni woyenera polankhula ndi polemba Chingerezi

Munthu akhoza kudziwa mawu ambirimbiri a Chingerezi, kuwalemba molondola, koma n'kumapunthwabe pa aneni wamba ngati "borrow", "tell", "stay" ndi "make". Gwero la vutoli ndi lakuti Chichewa ndi Chingerezi zimagawa ntchito ya mneni mosiyana. Ife timatenga tsinde limodzi n'kumalisintha: kugula, kugulitsa, kugulira, kugulidwa. Chingerezi chilibe misintho yotereyi. Pamene ife tawonjezera -its- kapena -ir-, icho chimabweretsa mneni wina, kapena chimaika kamperekezi pambuyo pa mneniyo. Choncho kufunsa kuti mawu akutiakuti m'Chingerezi ndi chiyani sikokwanira. Muzifunsanso kuti akuchita ndani, akuchitira ndani, ndipo pambuyo pa mneniyo pakuyenera kubwera chiyani.

Chinthu chikuchoka kwa yani, chikupita kwa yani?

Tiyambe ndi kubwereka, poti ndi pamene ambiri amagwera. Tikamati "mundibwerekeko cholembera", mneni ndi yemweyo amene timagwiritsa ntchito ponena kuti "ndabwereka cholembera kwa mnzanga". N'chifukwa chake m'makalasi ndi m'maofesi mumamveka "borrow me your pen". M'Chingerezi wolandira ndiye amachita "borrow", wopereka amachita "lend". Mukhoza kunena kuti "Can I borrow your pen?" kapena "Can you lend me your pen?" Njira yosavuta yokumbukira ndi kuganiza za ndalama, pakuti pamenepo Chichewa chimasiyanitsa bwino: kukongola ndi "borrow from", kukongoza ndi "lend to". Banki imachita "lend", inu mumachita "borrow".

Msintho womchititsa ukapezeka m'chiganizo chanu cha Chichewa, chenjerani, kawirikawiri Chingerezi chimafuna mneni wina. Kuphunzira ndi "learn", kuphunzitsa ndi "teach". Kukumbuka ndi "remember", kukumbutsa ndi "remind", ndiye "remember me to call him" n'kulakwa, muziti "remind me to call him". Kugwa ndi "fall", kugwetsa ndi "drop" ngati chinthucho chinali m'manja, kapena "knock over" ngati mwachigunda chili chiimire. Mitengo ya zinthu ikakwera yokha, "prices have risen" kapena "prices have gone up". Wogulitsa akaikweza, "they have raised the prices". Mneni "rise" salandira pamtherankhani, pomwe "raise" sakhala wopanda pamtherankhani.

Kuba ndi kubera nakonso kumasokoneza. "Steal" amatsatidwa ndi chinthu chobedwa, "rob" amatsatidwa ndi munthu kapena malo oberedwa. "Andibera foni" ndi "they stole my phone". Mukati "they stole me", womvera aganiza kuti anyamula inuyo. "I was robbed" imapereka chithunzi cha kulandidwa, nthawi zambiri moopsezedwa. Akuba akathyola nyumba usiku, nenani kuti "someone broke into our house". Ku mpira lamulo lake n'lofanana: "win" amatsatidwa ndi masewero kapena chikho, "beat" amatsatidwa ndi timu yogonja. "We won the match", "we beat them 2-0".

Pa kubweretsa ndi kupititsa, Chichewa chimakuthandizani kale ndi -dza- ndi -ka-. Chinthu chikamabwera kumene kuli wolankhula kapena womvera, ndi "bring". Chikamapita kwina, ndi "take": "take this letter to the head teacher". Kukatenga chinthu n'kubwera nacho ndi "go and get" kapena "fetch". Kudzatenga kapena kukatenga chinthu chimene chikukudikirani, monga chiphaso kapena katundu, ndi "collect" kapena "pick up".

Pali kachizolowezi kena kamene kamadabwitsa alendo. Munthu akutuluka m'chipinda amati "ndikubwera", ndipo tonse timamva kuti abwereranso posachedwa. Akanena "I am coming" uku akupita, mlendo amasokonezeka, chifukwa kwa iye mawuwo amatanthauza kuti wolankhulayo ali m'njira kubwera kumene iye ali. Potuluka muziti "I'll be right back" kapena "I won't be long".

Chimene chimatsatira mneni

Gawo ili ndi limene limalanda malikisi ambiri pa mayeso, komanso limene limaonekera msanga m'kalata yofunsira ntchito. Mneni aliyense wa Chingerezi ali ndi kamangidwe kake, ndipo kamangidweko sikachokera ku tanthauzo ayi. Aneni awiri akhoza kutanthauza zofanana koma n'kumangidwa mosiyana.

Onani "say" ndi "tell". Kuuza kumafuna munthu wouzidwa, ndipo "tell" ali chimodzimodzi: "she told me that the shop was closed". Kunena sikufuna munthu, ndipo "say" ali chomwecho: "she said that the shop was closed". Mukafuna kutchula munthu pambuyo pa "say", ikani "to": "she said to me". Zolakwika ziwiri zofala ndi "he said me" ndi "he told that". Pali magulu ochepa a mawu amene "tell" amayenda popanda munthu, ndipo awa ndi ongoloweza: "tell the truth", "tell a lie", "tell a story", "tell the time". Aneni "inform", "remind" ndi "warn" amamangidwa ngati "tell". Aneni "explain", "describe" ndi "suggest" amamangidwa ngati "say". Ndiye "mundifotokozere" si "explain me" koma "explain it to me".

Msintho womchitira, uja wa -ir- kapena -er-, umamasuliridwa ndi "to" kapena "for". Ngati chinthu chikusamuka kupita kwa munthu, ndi "to": "give", "send", "show", "lend", "sell". Ngati ntchito ikuchitidwa m'malo mwa munthu kapena pomukomera, ndi "for": "buy", "cook", "make", "find". Aneni ambiri a m'magulu awiriwa amalolanso kuika munthu patsogolo popanda mperekezi, monga "send me the file" ndi "buy me a drink". Koma si onse. "Munditsegulire chitseko" ndi "open the door for me". "Open me the door" kulibe.

Tsopano aneni amene amafuna mperekezi pomwe Chichewa sichifuna kanthu. Kudikira munthu ndi "wait for someone". Kumvetsera wailesi ndi "listen to the radio". Kuyang'ana ndi "look at", kufunafuna ndi "look for", kusamalira ndi "look after". Kupempha chinthu ndi "ask for something". Mukachotsa "for", "ask" amasanduka kufunsa. Ntchito imene mukufunsira imatenga "for", kampani imene mukufunsirako imatenga "to": "I applied to the bank for a clerical post". Polipira, munthu kapena bilu sizitenga mperekezi, koma chinthu chogulidwa chimatenga "for": "pay the driver", "pay the bill", "pay for the ticket".

Kenako pali gulu lotembenuka, la aneni amene anthu amawapatsa mperekezi chonsecho safuna. Tchimo lalikulu pano ndi "discuss about". Muziti "we discussed the budget". Chisokonezochi chimabwera chifukwa dzina lake limatenga mperekezi: "a discussion about the budget". Zomwezi zimachitika ndi "emphasise", "request" ndi "lack": pali "an emphasis on", "a request for", "a lack of", koma aneni ake amaima okha, "emphasise the point", "request a transfer", "lack experience". Kulowa m'chipinda ndi "enter the room". Kufika ndi "reach Mzuzu" popanda kanthu, kapena "arrive in Mzuzu" ndi "arrive at the depot": "in" pa mizinda ndi mayiko, "at" pa malo aang'ono. Kuyankha ndi "answer the letter" kapena "reply to the letter". Pa "return", "reply" ndi "repeat" musawonjezere "back" kapena "again", tanthauzolo lili kale m'kati. Nayonso "cope up with" kulibe, ilipo ndi "cope with".

Aneni awiri akatsatana, wachiwiriyo amatenga "to" kapena amathera ndi "-ing". Ife timangoti ku- ponseponse: ndikufuna kupita, ndimakonda kuwerenga, ndamaliza kulemba. M'Chingerezi woyambayo ndiye amalamula. "Want", "decide", "hope", "agree", "refuse", "promise" ndi "manage" amafuna "to". "Enjoy", "avoid", "finish", "mind", "consider", "deny" ndi "suggest" amafuna "-ing". "Make" ndi "let" safuna chilichonse: "he made me wait", osati "he made me to wait". Ochepa amalola zonse koma tanthauzo limasintha. "He stopped smoking" wasiya fodya. "He stopped to smoke" anaima kuti asute. "Remember to lock the door" ndi chikumbutso cha zimene simunachite. "I remember locking the door" ndi kukumbukira zimene munachita kale. Ndipo kumapeto kwa kalata lembani "I look forward to hearing from you". Apa "to" ndi mperekezi, n'chifukwa chake akutsatidwa ndi "-ing". Olemba ntchito amawaona mawu amenewa m'makalata ochuluka, moti kulakwitsa kwake sikubisika.

Mneni mmodzi wa Chichewa, aneni ambiri a Chingerezi

Kumva ndi mneni wonyamula katundu wambiri. Timamva phokoso, timamva fungo, timamva kuzizira, timamva Chitumbuka, ndipo mwana wina samva. Chilichonse mwa izi chili ndi mneni wakewake. Phokoso ndi "hear". Fungo ndi "smell": "I can smell gas". Kuzizira ndi "feel" kapena kungoti "I'm cold". Njala ndi "I'm hungry". Chinenero ndi "understand": "I understand Tumbuka but I don't speak it". Mwana wosamva ndi "he doesn't listen", pakuti "he doesn't hear" ndi nkhani ya makutu ogontha. Mukamaliza kufotokoza n'kufuna kufunsa kuti mwamva, "Have you heard?" ifunsa ngati munthuyo wamva nkhani ina yatsopano. Nenani "Is that clear?" kapena, mwaulemu kwa akuluakulu, "Does that make sense?"

Kukhala kumagawikanso: "sit" pampando, "live" kumene kuli kwanu, "stay" kumene mwafikira kwa masiku ochepa. Apa tinene chilungamo. Funso loti "Where do you stay?" ndi lachizolowezi ku Malawi, ku Zambia, ku South Africa, ngakhalenso ku Scotland, ndipo palibe angakudzudzuleni. Koma ku England ndi ku America limamveka ngati mukufunsa za hotela kapena kwa abale kumene munthu wagona. Pa fomu, pa mayeso ndi polankhula ndi mlendo, "live" ndiye wosakayikitsa. Chimodzimodzi "write an exam": kum'mwera kwa Africa kuno ndi yodziwika, koma ku Britain amati "sit an exam" kapena "take an exam".

Kukwera kumatengera chokwerapo. Mtengo ndi phiri ndi "climb". Basi, sitima ndi ndege ndi "get on" ndi "get off". Galimoto yaing'ono ndi takisi ndi "get in" ndi "get out of". Njinga ndi "ride". Ponena za ulendo wonse, "take the bus" kapena "catch the bus". Kuvala kuli pawiri: "put on" ndi mchitidwe wotenga chovala n'kuchiika m'thupi, "wear" ndi kukhala chili m'thupi. Wofunidwa ndi apolisi "was wearing a red shirt". Mukati "was putting on", ndiye kuti anamuona ali m'kati movala. Mankhwala ife timamwa, ngakhale a mapiritsi, koma m'Chingerezi ndi "take medicine". Wailesi timatsegula, magetsi timayatsa, zonsezi ndi "turn on" kapena "switch on". Kuperekeza mlendo ndi "see someone off" kapena "walk someone to the bus stop". "Escort" ndi mawu olemera, oyenera apolisi ndi alonda.

Pa "make" ndi "do" pali kalamulo kothandiza pang'ono: "make" amakonda zinthu zimene zikupangidwa kumene, "do" amakonda ntchito ndi maudindo. Motero "make a plan", "make a decision", "make a mistake", "make a phone call", "make an appointment", "make a noise". Ndipo "do homework", "do the dishes", "do business", "do your best", "do someone a favour". Kalamuloka sikafika patali. Kuyala bedi ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku, koma ndi "make the bed". Awa ndi mawu oyenda awiriawiri, ndipo amalowezedwa pamodzi ngati mawu amodzi, monganso "pay attention", "take a photo", "give advice" ndi "keep a promise".

Msampha wa -ku-

Timati ndikudziwa, ndikufuna, ndikumvetsa, ndipo -ku- ameneyu timamumasulira ndi "am" ndi "-ing". Pa aneni a zochitika zimayenda: ndikudya, "I am eating". Koma aneni osonyeza mmene zinthu zilili, monga "know", "understand", "want", "need", "believe", "own" ndi "belong", kawirikawiri satenga "-ing". Muziti "I know him", "I need help", "this land belongs to my uncle". Mneni "have" ali pawiri. Akamatanthauza kukhala ndi chinthu, satenga "-ing": "I have two children", "I have a headache". Akamatanthauza kuchita, amatenga: "we are having lunch", "they are having a meeting".

Nthawi ya -a-, ngati mu ndafika ndi ndalipira, imagwirizana bwino ndi "have arrived" ndi "have paid". Koma mukangotchula nthawi yomwe inatha, monga "yesterday", "last week" kapena "in 2019", chotsani "have": "I paid yesterday". Pa chinthu chimene chinayamba kale ndipo chikupitirirabe, "have" ndi wofunika: "I have worked here since 2019" kapena "for six years". "Since" amatsatidwa ndi poyambira, "for" amatsatidwa ndi kutalika kwa nthawi. Ndipo pambuyo pa "did", mneni amabwerera mmene alili: "Did you go?", osati "Did you went?"

Aneni oyenda ndi timawu tating'ono, monga "pick up", "turn off", "put off" ndi "fill in", ali ndi lamulo limodzi loti muligwiritsitse. Pamtherankhani akakhala dzina, mukhoza kumuika pakati kapena kumapeto: "turn the light off", "turn off the light". Akakhala mlowam'malo, malo ake ndi pakati basi: "turn it off", "pick her up". Kamawuko musakasiye. "He is not picking" m'malo mwa sakuyankha foni ndi kalankhulidwe kathu. Kwina amati "he isn't answering" kapena "he isn't picking up". Ambiri mwa aneni amenewa ndi a m'macheza. M'kalata ya ntchito anzawo a mawu amodzi amakhala bwino: "postpone" m'malo mwa "put off", "cancel" m'malo mwa "call off".

Ulemu

Ulemu wathu uli m'kati mwa mneni, mu -ni ndi -ko: ndithandizeniko, mundipatseko. Pomasulira, timawu timeneti timatayika, n'kutsala "help me" ndi "give me", zomwe zimamveka ngati lamulo. Chingerezi chimasunga ulemu posandutsa pempho kukhala funso. Kwa mnzanu "Can you…?" ikwanira. Kwa bwana, kasitomala kapena munthu wachilendo, "Could you…?" kapena "Would you mind…?" yomwe imatsatidwa ndi "-ing": "Would you mind waiting outside?" M'sitolo ndi m'lesitilanti "I want" imauma, nenani "I'd like" kapena "Could I have…?" Samalani ndi "may". Ndi wopemphera chilolezo cha inu eni, "May I come in?" Mawu oti "May you please send the report", omwe afala m'mauthenga a m'maofesi, ndi olakwika. Lembani "Could you please send the report?"

Funso lokana nalo limagwetsa. Wina akafunsa kuti simunalipire, ife timati eya, kutanthauza kuti wanena zoona, sitinalipire. M'Chingerezi yankho limatsata chochitikacho, osati funso. "Haven't you paid?" Ngati simunalipire, "No, I haven't". Ngati munalipira, "Yes, I have". Kuchipatala, kubwalo la milandu ndi pa chipata cha dziko, kusokoneza apa kukhoza kukubweretserani mavuto, choncho musayankhe ndi "yes" kapena "no" yekha. Malizani chiganizo.

Mmene mungadzithandizire

Mtanthauziramawu wa zinenero ziwiri amakuuzani kuti kufotokoza ndi "explain", basi wathera pomwepo. Pa nkhani ya kamangidwe mufunika mtanthauziramawu wolembedwera ophunzira Chingerezi. Wa Oxford, umene A. S. Hornby anaukonza akugwira ntchito yophunzitsa ku Japan ndipo Oxford University Press inausindikiza mu 1948, unapangidwira cholinga chomwechi, kuonetsa zimene zimatsatira mneni aliyense. Wa Longman unatuluka mu 1978, ndipo pali wa Cambridge. Onse atatu amawerengeka pa intaneti kwaulere, ngakhale pa foni.

Mukapeza mneni, musathamangire tanthauzo. Choyamba onani ngati walembedwa kuti "transitive" kapena "intransitive", mwina mwachidule T ndi I. Uyu ndi mneni woyambukira ndi wosayambukira wa m'kalasi la Chichewa uja. Chachiwiri, werengani kamangidwe kolembedwa moderako, monga "explain something to somebody", pomwe ena amafupikitsa kuti "sth" ndi "sb". Chachitatu, onani ngati pali chizindikiro cha "formal" kapena "informal", komanso ngati mawuwo ndi a ku Britain kapena a ku America. Sukulu ndi maofesi a ku Malawi ndi ku Zambia amatsata kalembedwe ka ku Britain. Pomaliza werengani zitsanzo zonse mokweza.

M'kope lanu musalembe mneni yekha ndi tanthauzo lake pambali. Lembani kamangidwe kake, kenako ziganizo ziwiri za moyo wanu weniweni, za kuntchito kwanu kapena kunyumba. Aneni asanu pa sabata ndi okwanira. Mukatenga makumi awiri nthawi imodzi amasakanikirana. Yambani ndi amene mumawagwiritsa ntchito tsiku lililonse: namwino ayambe ndi "take", "feel", "complain of" ndi "suffer from", wamalonda ayambe ndi "charge", "cost", "owe" ndi "pay for".

Ena amayesa mawu powalemba pa Google m'kati mwa zizindikiro za mtengero kuti aone ngati alipo. Njirayi ndi yonyenga, chifukwa "discuss about" mudzaipeza pa masamba osawerengeka, yolembedwa ndi anthu olakwitsa ngati ife tomwe. Ngati mwaigwiritsa ntchito, muziona kuti walemba ndani. Nacho chida choyang'anira zolakwika cha mu kompyuta chimagwira kalembedwe ka mawu, koma "they robbed my phone" chikhoza kuisiya idutse, popeza mawu aliwonse pamenepo alembedwa bwino. Kalata yofunika, monga yofunsira ntchito kapena malo a sukulu, muiwerenge kawiri. Ulendo woyamba muone ngati uthenga ukumveka. Ulendo wachiwiri tengani pensulo, mudule mzere pansi pa mneni aliyense, ndipo pa aliyense muone mawu awiri kapena atatu omutsatira. Amene mwamukayikira, mutsegulireni mtanthauziramawu musanatumize.